Loweruka usiku, za Sauli ndi amalume

Funso la amalume likundizungulirabe m'mutu, tulo takana. Anabwera masana kudzatenga mabuku a nyimbo za kwaya, n'kundipeza ndikuonera pa kompyuta Saul, nkhani ya Mfumu Sauli ya m'Baibulo yoimbidwa m'nyimbo zimene anapeka Handel, uja anamusewera ku Glyndebourne, ku England, mu 2015 motsogozedwa ndi Barrie Kosky. Anangokoka mpando n'kukhala.

Poyamba ankasangalala. Chimutu cha Goliati chili gone pa dothi lakuda, matebulo odzaza maluwa ndi zakudya, oimba atavala mawigi akuvina mwachisangalalo. Kenako timabelu tinayamba kulira, khamu likuimba kuti Sauli wapha zikwi koma Davide zikwi khumikhumi. Nkhope ya Christopher Purves, amene akusewera Sauli, inayamba kuuma, maso akuponya uku ndi uku kwa aliyense wosekerera. Amalume anati, "Ehe, nsanje ija ndi imeneyo." Inenso nkhope yotere ndinaionapo m'kwaya mwathu, tsiku limene mwana wachichepere anapatsidwa nyimbo yomwe wamkulu wina wakhala akutsogolera kwa zaka. Imapweteka kuiyang'ana.

Zinthu zinavuta titafika kwa mkazi wobwebweta wa ku Endori. Kosky anamuonetsa ngati nkhalamba yandevu koma yamawere. Sauli, ulemu wonse wachifumu utamuthera, akuyamwa, ndiye mawu a Samueli akutuluka m'kamwa mwa Sauli yemweyo. Amalume anaimirira. "Iwe mphwanga, Mawu a Mulungu si ochitira zimenezi. Handel analemba kuti anthu aime chilili aziimba. Wawonjezera zisudzoyu anamutuma ndani?"

Pa mbiri ya nkhaniyi sakunama ayi. Mu 1732 kutabwera ganizo loti Esther, nyimbo ina ya Handel ya nkhani ya m'Baibulo, aseweredwe pa nsanja ya opera (zisudzo zoimba), bishopu wa London, Edmund Gibson, sanalole, ndipo Handel anaiimbitsa popanda kusewera. Saul nayenso anayamba kumveka chomwecho pa 16 January 1739 ku King's Theatre. Koma ndinawauza kuti, "Amalume, m'kabuku ka mawu kamene Charles Jennens analemba muli malangizo a zochitika, monga Sauli kuponyera Davide mkondo. Anthu ankawerenga, n'kumaziona m'maganizo." Handel anachita kupangitsa chida cha timabelu chija, anaika malipenga atatu otchedwa trombone, ng'oma zikuluzikulu anakabwereka ku Tower of London. Munthu wovutika chonchi ndiye kuti zochitikazo ankaziona ndithu pamene ankalemba. Ndinawakumbutsanso kuti pa Pasaka achinyamata athu amasewera za kupachikidwa kwa Yesu m'tchalitchi momwemo, iwo ali pa mpando wakutsogolo.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, monga mwa khalidwe lawo. Ndiye anati za kuyamwazo azisiya, ali ndi funso lina. "Ngati mawu a Samueli akutuluka mwa Sauli, ndiye kuti Samueli sanabwere. Yangokhala misala ya munthu mmodzi. Pa 1 Samueli 28 pakutero?"

Apa ndi pamene ndatsamwa. Kwayala akaima chilili, womvera amasankha yekha choti aone. Wina aona mzimu wa mneneri ukutuluka m'nthaka, wina aona mfumu yosokonezeka mutu. Wotsogolera sewero amakusankhira, ndipo chimene wakuonetsa sichifufutika msanga. Ndikadzawerenganso chaputala chimenechi ndidzaona nkhalamba ya Kosky, ndifune ndisafune. Zimenezi zikundiwawa pang'ono, chifukwa nkhaniyi ndinaiphunzira ku Sande sukulu ndipo ndinali ndi chithunzi changachanga.

Komabe sindingavomereze kuti akanangoisiya osaisewera. Ndakhala ndikumumvera Saul pa mahedifoni, koma chisoni chenicheni pa mfumuyi ndachimva lero, nditamuona akukwawa m'dothi. Kale ndinkangomutenga ngati munthu woipa amene akuchedwetsa Davide kulowa ufumu. Lero ndaona bambo amene akudziwa kuti Mulungu wamusiya, ana ake Yonatani ndi Mikala akonda mdani wake, ndipo palibe womuuza zoti achite.

Anachoka tisanafike pa nyimbo ya maliro ndi kulira kwa Davide polira Sauli ndi Yonatani. Mawa tikatuluka m'mapemphero ndiwapempha tidzamalize limodzi. Kaya avomera. Yankho la funso lawo lija ndilibebe, ndipo ndikudziwa kuti adzayambira pomwepo.