Tinapita ndi mabuku 9, anzathu anali ndi limodzi

Gulu lathu lowerenga mabuku achikhristu limakumana Lachiwiri lililonse madzulo, ndipo chaka chathachi tinamaliza mabuku 9. Titaitanidwa kukacheza ndi gulu la mpingo wina wakutali, ambirife tinanyamuka ndi mtima woti tikukathandiza anzathu. Tinalipo anthu 14. Tinafika Lachisanu dzuwa litapendeka, ndipo usiku womwewo tinamva zotidabwitsa: iwo chaka chonse akhala pa buku limodzi lokha, Confessions la Augustine, ndipo mwa zigawo zake 13 anali asanafike ndi pakati pomwe. Loweruka m'mawa anabwerera ku chigawo chachiwiri kuti tiwerengere limodzi.

Augustine anabadwa m'chaka cha 354 ku Tagaste, dera lomwe lero lili m'dziko la Algeria, ndipo pambuyo pake anadzakhala bishopu wa ku Hippo. M'chigawo chimenechi akusimba zoti ali ndi zaka 16, iye ndi anzake anapita usiku kukaba zipatso mu mtengo wa munthu wina. Njala analibe, kwawo kunali zipatso zabwino kuposa zimenezo, ndipo zambiri anangoziponyera nkhumba. Akunenanso kuti akanakhala yekha sakanaba.

Amene ankatsogolera anali mayi wachikulire wopuma pa ntchito ya uphunzitsi. Ndimeyo anaiwerenga mokweza kawiri, tonse n'kukhala chete kwa kanthawi ndithu. Kenaka anafunsa funso limodzi: "Inuyo munachitapo chiyani chifukwa choti anzanu analipo, chimene simukanachita muli nokha?"

Mnzathu wina, amene amawerenga kuposa tonsefe, anayamba kulongosola za tchimo lobadwa nalo ndi za mkangano wa Augustine ndi Pelagius, yemwe ankaphunzitsa kuti munthu ali ndi mphamvu yosankha yekha kusachimwa. Analongosola bwino kwambiri. Mayi aja anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena modekha kuti, "Achimwene, zonsezo n'zoona ndipo tizifika. Koma funso lija simunaliyankhe."

Amene anayankha anali bambo wina wa gulu lawolo. Anati kuntchito kwawo anathandiza kufalitsa mphekesera yokhudza mnzake, akudziwa bwinobwino kuti ndi bodza, pongoopa kuoneka wosiyana ndi anzake. Sanakwezenso mutu. Ine ndime imeneyi ndinaiwerengapo kale, ndinailembanso mzere kunsi, koma inali isanandifunsepo kanthu. Tsiku limenelo inandikumbutsa munthu amene ndinamulakwira mwa njira yomweyo, ndipo mpaka lero sindinapite kukapepesa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anzathuwa anadekha pa tsamba limodzi mpaka linayankhula.

Masana inali nthawi yathu. Tinawabweretsera kabuku kakang'ono ka Brother Lawrence, The Practice of the Presence of God. Munthuyu anali msilikali asanalowe m'nyumba ya amonke ku Paris, kumene anagwira ntchito ya kukhitchini zaka zambiri ngakhale sankaikonda, ndipo anaphunzira kuyankhula ndi Mulungu ali pakati pa mapoto. Anamwalira mu 1691, ndipo makalata ndi zokamba zake anazisonkhanitsa ndi ena. Amayi ambiri anakakonda kabukuka nthawi yomweyo.

Koma mnyamata wina wa kumeneko anadzutsa nkhani imene ndikuiganizirabe. Anati kuwerenga kongofunsa "ndikumva bwanji mumtima" kuli ndi ngozi yake, chifukwa munthu angathe kuulula machimo sabata ndi sabata osadziwa kumene chikhululukiro chimachokera. Apa m'pamene mayi aja anatembenukira kwa mnzathu uja n'kuti, "Tsopano tiuzeni za Pelagius." Anabwereza zomwe ananena m'mawa zija, koma ulendo uno zinali ndi pogwera. Ngati Pelagius akunena zoona, ndiye kuti bambo aja angolimbikira okha, ndipo akagwanso alibe kolowera. Ngati Augustine akunena zoona, chisomo ndicho chimayamba, ndipo ngakhale mtima wofuna kulapawo ndi mphatso ya Mulungu. Ndinaona bambo aja akulemba mawu amenewa m'kope mwawo. Kwa ine imeneyi ndiyo inali mphindi yaikulu ya ulendo wonse.

Lamulungu tinapemphera nawo, kenaka tinatsanzikana. M'basi tinatsutsana ndithu. Ena akuti tikachepetsa mabuku achinyamata atopa n'kusiya kubwera, ndipo nkhawa yawo ndikuimvetsa. Tinagwirizana kuti chaka chino tiwerenga mabuku 3, ndipo aliyense wotsogolera azibwera ndi funso limodzi lokha. Anzathu aja adzatiyendera akamaliza chigawo cha 9, chimene chimasimba za imfa ya Monica, mayi ake a Augustine, ndipo atipempha kuti nafenso tidzakhale titachiwerenga.