Ma Yankees pa 4 Julayi, ndi mzere womwe ndinaudumpha

Ntchito yomwe aphunzitsi athu a utolankhani wa zamasewera anatipatsa teremu ino inaoneka yophweka. Anati aliyense asankhe timu imodzi ndi tsiku limodzi la pa kalendala, kenako afufuze zomwe timuyo yakhala ikuchita pa tsikulo chaka ndi chaka. Lamulo linali limodzi: asakhale masewera omwe timawadziwa kale. Akuti ukamalemba za timu yomwe umaichemerera, mtima umafika maso asanafike. Anzanga ena anatenga kriketi, ena rugby. Ine ndinatenga baseball, timu ya New York Yankees, tsiku la 4 Julayi. Chifukwa chake n'chochititsa manyazi pang'ono. Chipewa cholembedwa NY chija ndakhala ndikuchivala zaka zambiri, ndinachitola pa kaunjika, osadziwa n'komwe kuti ndi cha timu ya mpira. Tsikulo ndinalisankha poti ndi lokumbukira ufulu wa dziko la America, pafupi ndi lathu la 6 Julayi, ndiye ndinaganiza kuti mabwalo ayenera kuti amadzaza.

Sabata yoyamba yonse inathera pa malamulo. Amene munasewerapo raundasi kupulayimale simungavutike kwambiri. Mbali iliyonse ili ndi osewera 9. Woponya amaima mtunda wa mamita 18 ndi pang'ono kuchokera pomwe pali womenya, ndipo kumbuyo kwa womenyayo kumanjuta wowakha. Womenya akauphonya katatu, watuluka. Akaumenya bwino amathamanga kuzungulira malo anayi oimapo, ndipo akabwerera pomwe anayambira ndiye chigoli. Atatu akatuluka, matimu amasinthana. Zimatero magawo 9. Wotchi yothetsa masewera palibe, ndipo akafanana mphamvu amangoonjezera magawo mpaka wina agonje. Chinandidabwitsa kwambiri ndi kuchuluka kwa masewera: 154 pa chaka kalelo, 162 kuyambira 1961. Amasewera pafupifupi tsiku lililonse, n'chifukwa chake tsiku limodzi la pa kalendala limakhala ndi mbiri yaitali chonchi.

Ndinatsegula tebulo pa kompyuta n'kulemba mitu isanu: chaka, timu yolimbana nayo, bwalo, zigoli, ndi ngati anapambana kapena kugonja. Zotsatira ndinkazitenga pa Retrosheet ndi Baseball-Reference, komwe anthu odzipereka anasunga mayina a osewera a masewera aliwonse. Apa mpamene ndinalakwitsa koyamba. Zaka zambiri zakale zinkatuluka ndi mizere iwiri, ine n'kumaganiza kuti ndakopera kawiri chifukwa cha tulo, ndiye ndinkafufuta umodzi. Ndinafufuta yambirimbiri ndisanazindikire kuti zigolizo zinali zosiyana. Kalelo pa masiku a tchuthi matimu ankasewera kawiri tsiku limodzi, zomwe amazitcha doubleheader. Usiku wonse unapita n'kubwezeretsa zomwe ndinataya ndi manja anga.

Chachiwiri chomwe ndinaona ndi choti mayina omwewo ankabwerabwera: Washington, Philadelphia, Boston. Mpaka 1960 American League, ligi yomwe ma Yankees amaseweramo, inali ndi matimu 8 okha, ndipo m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 matimu ankayenda pa sitima ya pamtunda. Mizinda itatuyi ili mbali imodzi ndi New York, kugombe la kum'mawa, choncho pa tchuthi zinali zophweka kukumanitsa oyandikana.

Zolemba zanga zoyamba ndinazipereka ndili wonyada. Ndinawerengera kupambana ndi kugonja, n'kuyesa kuonetsa kuti ma Yankees ali ndi mwayi wapadera pa 4 Julayi. Pepala linabwerera lili ndi funso limodzi m'mbali: "Kodi tsiku limaponya mpira?" M'munsi mwake aphunzitsi anazunguliza ndi inki yofiira mizere iwiri ya 1939, yomwe ine ndinangolemba kuti Washington Senators, Yankee Stadium, kugonja 3-2, kupambana 11-1. Anafunsa kuti pakati pa masewera awiriwa panachitika chiyani.

Sindinkadziwa. Nditafufuza ndinachita manyazi, chifukwa ndinali nditadutsa pa tsiku lomwe mwina ndi lodziwika kuposa onse m'mbiri ya timuyi ngati ndikudutsa pa chitsa.

Lou Gehrig anali wosewera wa Yankees wa pa malo oyamba oimapo, ndiponso kaputeni wa timu. Kuyambira pa 1 Juni 1925 mpaka pa 30 Epulo 1939 anasewera masewera 2,130 otsatizana osajombako ngakhale amodzi. Tangoganizani, zaka pafupifupi 14, zala zothyoka, msana wowawa, iye ali m'bwalo. Kumayambiriro kwa 1939 thupi linayamba kumukana. Ankapunthwa, mpira sunkapitanso patali akaumenya. Pa 2 Meyi, timu ili ku Detroit, anapita yekha kwa mphunzitsi wa timuyo, Joe McCarthy, kukanena kuti amuchotse pa mndandanda. Madokotala a ku Mayo Clinic, mumzinda wa Rochester ku Minnesota, anatsimikiza pa 19 Juni, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 36, kuti ali ndi matenda a ALS. Matendawa amapha pang'onopang'ono minyewa yomwe imalamulira minofu, munthu n'kumalephera kuyenda, kugwira, kenako kumeza ndi kupuma, pomwe nthawi zambiri mutu ukugwira ntchito bwinobwino. Mpaka lero ku America ambiri amangowatchula ndi dzina lake.

Ndiye pa 4 Julayi, masewera oyamba atatha, anthu oposa 61,000 anakhala pansi kudikira mwambo womutsanzika. Anzake omwe anasewera nawo m'timu yotchuka ya 1927 anabwera, katswiri womenya Babe Ruth ali pomwepo. Meya wa mzinda, Fiorello La Guardia, analankhula. Mphatso zinkabwera motsatizana, ndipo Gehrig ankati akalandira, n'kuitsitsa pansi msanga, poti manja analibe mphamvu zoinyamulira. Kachinthu kameneka ndi komwe kanandigwira mtima kuposa mawu onse. Kanema wakale ndinamubwereza kangapo: bambo wamapewa otambalala, chipewa chili m'manja, maso ali pansi, akupukuta nkhope ndi kansalu. Poyamba sanafune kulankhula, koma khamu linaitana dzina lake mpaka anasendera pa maikolofoni. Ananena kuti anthu akhala akuwerenga za tsoka lomwe lamugwera, komabe tsiku limenelo iye ankadziona kuti ndi munthu wamwayi kuposa wina aliyense pa dziko lapansi. Anathokoza makolo ake, mkazi wake Eleanor, anthu osamalira bwalo, ngakhale adani awo a New York Giants omwe anatumiza mphatso. Anathokozanso apongozi ake aakazi, ati chifukwa akakangana ndi mkazi wake iwo ankakhala mbali ya Gehrig. Pamenepo ndinaseka ndekha, misozi ili m'maso. Apongozi otere ndi osowa kulikonse.

Kwa ife ophunzira utolankhani pali kanthu kena apa. Kanema yemwe alipo anasunga ziganizo zochepa chabe za mawuwo. Zina zonse zinalumikizidwa kuchokera ku zomwe atolankhani analemba m'manyuzipepala, ndipo sanalembe zofanana ndendende. Mawu omwe anthu ambiri amawaloweza lero anadutsa m'makope a anthu onga ife, olemba mothamanga dzuwa likuswa mtengo. Gehrig anamwalira pa 2 Juni 1941 ali ndi zaka 37. Nambala yake, 4, inali yoyamba m'ligi zikuluzikulu za baseball kuikidwa padera kuti wina asadzaivalenso, ndipo chiwerengero chake cha masewera otsatizana chinakhala osapitiriridwa mpaka Cal Ripken Jr. wa Baltimore Orioles pa 6 Seputembala 1995.

Mukatsegula mndandanda wa osewera a masewera awiri a tsikulo, dzina la Gehrig mulibe. Sanasewere. Tebulo langa silinaname, koma silikanamuona ngakhale pang'ono.

Nditadziwa izi ndinabwerera kumizere ya m'mbuyo, ulendo uno ndikuwerenga mayina m'malo mwa zigoli. Poti sanajombe kuyambira Juni 1925, ndiye kuti pa 4 Julayi aliyense kuyambira 1925 mpaka 1938 pomwe timu inasewera, iye analipo. Pa 4 Julayi 1925 ma Yankees anagonjetsa Philadelphia Athletics 1-0 m'magawo 15. Woponya wawo, Herb Pennock, anaponya magawo onsewo yekha, polimbana ndi Lefty Grove yemwe chinali chaka chake choyamba m'ligi. Masiku ano woponya akafika gawo lachisanu ndi chimodzi kapena lachisanu ndi chiwiri amayamba kuyang'ana kubenchi, ndiye 15 ndi nkhani ya dziko lina. Tsikulo Gehrig anali mnyamata wa zaka 22, patangotha mwezi umodzi chilandireni malo kwa Wally Pipp, m'timu yomwe chaka chimenecho inathera pa nambala 7 mwa matimu 8. Palibe yemwe ankawerenga masewera ake.

Pa 4 Julayi 1932, ku Washington, kunali ndewu. Carl Reynolds wa Senators anathamanga kudzagoletsa n'kuwombana mwamphamvu ndi wowakha wa Yankees, Bill Dickey. Dickey anadzuka n'kumusasantha chibakera chimodzi chomwe chinathyola chibwano. Anamuimitsa masiku 30 ndi kumulipitsa madola 1,000, ndalama zambiri pa nthawi yomwe anthu mamiliyoni ku America analibe ntchito. Dickey yemweyu ndiye mnzake wapamtima wa Gehrig, ankagona chipinda chimodzi timu ikakhala pa ulendo, ndipo patatha zaka 7 anaima m'bwalo pa mwambo womutsanzika, pamaso pa timu yomweyo ya Washington. Ndikanangowerenga za 1932 ndikanati ndi munthu wa nkhonya basi.

Za 1960 ndidutsa msanga: Mickey Mantle anamenya home run yake ya nambala 300, kutanthauza mpira womwe wauluka kutuluka kunja kwa mpanda, ndipo anali akusewera ndi Washington kachiwirinso.

Mzere wa 1983 umangoti Boston Red Sox, Yankee Stadium, 4-0. M'kati mwake muli Dave Righetti, woponya ndi dzanja lamanzere, yemwe anatha magawo onse 9 popanda womenya aliyense wa Boston kumenya mpira womufikitsa pa malo oyamba. Zimenezi amazitcha no-hitter. Sizitanthauza kuti palibe anafikako, ayi, chifukwa woponya akaponyera mpira pambali kanayi womenya amangoyenda ulere, ndipo Righetti anayendetsa angapo. Zinanditengera nthawi kuti ndimvetse kusiyana kumeneku. Kwa ma Yankees zinali zisanachitike chichitikireni mu 1956, pomwe Don Larsen anatulutsa omenya onse 27 motsatizana m'masewera a World Series, olimbirana ukatswiri kumapeto kwa chaka. Chokometsa nkhani ya 1983 ndi munthu womaliza kutuluka: Wade Boggs, yemwe chaka chimenecho anali katswiri womenya m'ligi yonse ndi avareji ya .361 (kumenya mpira womufikitsa pa malo oimapo pafupifupi ka 36 pa mipata 100 iliyonse), munthu yemwe sankaphonya chisawawa. Anaphonya. Linalinso tsiku lobadwa la mwini timu, George Steinbrenner, yemwe ankakwanitsa zaka 53. Chaka chotsatira timu inamusintha Righetti ntchito, kuchoka pa kuyambitsa masewera kupita pa kumalizitsa. Ine ndikanakhala mtolankhani nthawi imeneyo ndikanalemba mokalipa, ngakhale kuti ntchito yatsopanoyo anaigwira bwino.

Mu 1984, tsiku lomweli, ku Texas, woponya wa Yankees Phil Niekro wa zaka 45 anaphonyetsa womenya wake wa nambala 3,000, Larry Parrish wa Texas Rangers. Niekro ankaponya knuckleball, mpira womwe amaugwira ndi nsonga za zala kuti usazungulire, ndiye umavina mumphepo ngati tsamba, womenya ndi wowakha onse osadziwa komwe ulowere. Suthyola mkono, n'chifukwa chake munthu wa imvi ankapitirizabe kusewera ndi anyamata a msinkhu wa ana ake.

Dzina la Rangers linanditsegulira kanjira kena. Ndinkadabwa kuti Washington Senators inazimiririka bwanji m'tebulo langa. Timu yoyamba ija, ya Reynolds, inasamukira ku Minnesota mu 1961 n'kukhala Twins. Chaka chomwecho ku Washington anakhazikitsa timu ina ndi dzina lomwelo, nayonso mu 1972 inanyamuka kupita ku Texas n'kukhala Rangers. Kwa ife ozolowera kuti timu ndi ya mzinda wake, nkhani yoti mwini wake akhoza kuilongedza ngati katundu wa m'nyumba ya lendi ndi yovuta kuimeza.

Pali mwambi wakale wa anthu a baseball woti timu yomwe ili pamwamba pa 4 Julayi ndi yomwe imatenga ligi. Ndinauyesa pa 1978. Tsikulo Boston inali pamwamba, ndipo chapakati pa mwezi womwewo ma Yankees anatsalira ndi masewera 14. Pofika Okutobala anali atafanana, n'kusewera amodzi odula mlandu pa 2 Okutobala ku Fenway Park, ma Yankees n'kupambana 5-4. Chaka chimenecho mwambi unagwa chagada.

Zolemba zachiwiri ndazipereka Lachisanu lapitali. Kuwerengera kwa mwayi kuja ndinakuchotsa konse. M'tebulo ndinaonjezera mitu iwiri, umodzi wa omwe analipo ndi wina wa omwe kunalibe. Pa mizere ya 1939, pansi pa mutu wachiwiriwo, pali dzina limodzi lokha. Teremu ya mawa akuti tichite zomwezi ndi timu ya kwathu, ndipo ndayamba kale kufunsa komwe manyuzipepala akale amasungidwa, chifukwa zotsatira za mpira wa pa 6 Julayi wa zaka za m'ma 1970 sindikuyembekeza kuzipeza zitandandalikidwa pa intaneti ngati izi.