Wophunzira MBA azidziwa kugwira AI ikamanama

Mu Januwale 2023, ChatGPT, pulogalamu ya nzeru zopangidwa (AI) yomwe imayankha mafunso olembedwa, isanathe n'komwe miyezi iwiri chitulukireni, Christian Terwiesch wa pa sukulu ya zamalonda ya Wharton ku America anaipatsa mafunso a mayeso omwe ophunzira ake a MBA, digiri ya kayendetsedwe ka bizinesi, amalemba pa phunziro la kayendetsedwe ka ntchito m'kampani. Inakhoza, ndipo iye anati ikanapeza B kapena B-. Nkhani imeneyi inamveka ponseponse. Chomwe sichinamveke kwenikweni n'chakuti pamayeso omwewo inkaphonya masamu oti mwana wa Sitandade 6 akhoza kuwatha.

Mu Seputembala chaka chomwecho, ofufuza a ku sukulu zaukachenjede za Harvard, Wharton ndi MIT anatulutsa zomwe anapeza atayesa alangizi 758 a kampani ya Boston Consulting Group. Pa ntchito zomwe GPT-4, AI yomwe inkayendetsa mtundu watsopano wa ChatGPT, inkazitha, amene anaigwiritsa ntchito anamaliza msanga ndi 25 peresenti, ndipo ntchito yawo inaposa ya anzawo ndi 40 peresenti. Koma panali ntchito ina yomwe inakonzedwa dala: manambala a patebulo ankaloza kwina, pomwe zoona zake zinabisala m'mawu omwe ogwira ntchito ananena atafunsidwa. Apa odalira AI ndiwo anagwa. Mwa anthu 100 alionse, opeza yankho lolondola anachepa ndi 19 poyerekeza ndi amene anangogwiritsa ntchito mutu wawo.

Ndiye ngati mukuphunzitsa anthu oti mawa akakhale mamenejala, musathere teremu yonse pa kalembedwe ka funso. Zimenezo munthu amazidziwa masana amodzi. Chovuta ndi kuzindikira pomwe AI yaphonya, chifukwa ikamanama simachita chibwibwi. Chingerezi chake chimakhala chosalala chimodzimodzi ndi pomwe ikunena zoona.

Kalasi ya maola atatu mukhoza kuiyendetsa motere. Mphindi 30 zoyambirira malaputopu akhale otseka, mafoni m'thumba. Aliyense awerenge nkhani ya kampani yongopeka ya masamba awiri, alembe ndi dzanja zomwe angachite komanso manambala atatu omwe akudalira. Gawo limeneli musalidumphe ngakhale nthawi ichepe. Munthu amene wayamba ndi kuona yankho la AI amangolitenga ngati lake, ndipo alibe choliyerekezera nacho. Kenako ola limodzi agwire ntchito yomweyo ndi AI, awiriawiri. Nthawi yotsalayo ndi yosaka zolakwika.

Nkhaniyo ikhale ndi msampha weniweni. Tengani kampani yoitanitsa zipangizo za magalimoto kuchokera kunja, ili ndi K100 miliyoni kubanki. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha, dola n'kuchoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo aliyense ankati kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Ndalama ija poyamba inkagula madola pafupifupi 84,700. Wophunzira akangolemba kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti osapereka mitengo iwiriyo, AI ikhoza kungochotsa 44 pa 100 n'kunena kuti atsala madola 47,500. Yankho lenileni ndi pafupifupi 58,800, chifukwa chomwe chinakwera ndi 44 peresenti ndi mtengo wa dola, pomwe kwacha inataya pafupifupi 31 peresenti ya zomwe inkagula. Kusiyana kwake ndi madola oposa 11,000, ndalama zokwanira kuti menejala aletse oda yomwe akanatha kulipira.

Zimachitika chonchi chifukwa AI yamtunduwu imalosera mawu oyenera kubwera potsatira, siiwerengera ngati kalikyuleta pokhapokha italemba kapulogalamu kowerengera n'kukayendetsa. Mankhwala ake ndi osavuta. Wophunzira asapemphe yankho, apemphe fomyula yoti aike mu Excel, aiyendetse yekha, kenako asinthe nambala imodzi aone ngati zotsatira zikusintha moyenera. Aike mtengo wa dola wakale m'malo onse awiri: ngati madola sakubwerera pa 84,700, fomyulayo ndi yolakwika.

Vuto lina ndi maumboni opeka. Mu Juni 2023 woweruza ku New York analamula maloya awiri ndi kampani yawo kulipira chindapusa cha madola 5,000 atapereka kukhoti milandu yakale yomwe ChatGPT inangopeka. Pa nkhani za msika wa kuno chiopsezocho n'chachikulu, chifukwa zolembedwa za Malawi pa intaneti n'zochepa, ndipo AI ikasowa imadzaza mpatawo ndi zooneka ngati zoona. Lamulo la m'kalasi likhale lakuti nambala iliyonse ya mu lipoti ikhale ndi gwero lomwe wophunzirayo watsegula ndi maso ake, monga lipoti la Reserve kapena la National Statistical Office ku Zomba. Yomwe gwero lake silikupezeka ichotsedwe, ngakhale ikometse bwanji lipotilo.

Pomwe AI imathandiza kwambiri, m'kuona kwanga, ndi pophunzira kunenerera mtengo ndi kuyankhula nkhani zovuta, monga kuuza bwana kuti pulojekiti yachedwa. Kale izi zinkafuna mnzako woti ayerekeze kukhala wogulitsa, ndipo mnzako amakumvera chisoni. Tsoka ilo, AI nayonso imagonja msanga, chifukwa inaphunzitsidwa kusangalatsa woifunsa. Mukangoiuza kuti ikhale wogulitsa, pofika yankho lachitatu yavomera kale mtengo wanu. Choncho malangizo alembe ndi mphunzitsi, osati wophunzira: mtengo woyambira, mtengo womwe isatsike kupitirira, chifukwa chimodzi chobisika chomwe wogulitsayo akufunira ndalama msanga, ndiponso lamulo loti isavomere wophunzira asanapereke kanthu kosinthana nako, kaya kulipira theka pompopompo kaya kutenga katundu wambiri. Akamaliza, wophunzira asindikize zokambiranazo, azunguze ndi cholembera pomwe anatchula mtengo wake asanafunse funso lililonse. Ambiri amaluza pamenepo.

Ophunzira ambiri a MBA ndi anthu apantchito, amabwera madzulo kapena Loweruka laputopu ya kuofesi ili m'chikwama. Chiyeso chotenga ndandanda ya malipiro a antchito kapena maina a makasitomala n'kumata mu ChatGPT chimakhala chachikulu. Kampani ya Samsung inaletsa antchito ake kugwiritsa ntchito zida zoterezi mu 2023 zinsinsi za kampani zitalowetsedwamo, ndipo Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024. Sabata yoyamba yomwe aphunzire kuchotsa maina, manambala a foni ndi a akaunti, n'kuika zilembo m'malo mwake.

Pochonga, musadalire mapulogalamu oti amazindikira zolembedwa ndi AI. OpenAI yomwe, kampani yopanga ChatGPT, inatseka yake mu Julayi 2023 chifukwa inkaphonya kwambiri, ndipo ofufuza a ku Stanford anapeza kuti mapulogalamu otere amanamizira kawirikawiri anthu omwe Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho. Ameneyo ndi wophunzira wathu. Bwino kugawa malikisi motere: 30 pa lipoti lenilenilo, 40 pa tsamba lomwe walembapo zomwe AI inanena, zomwe iye anakana ndi chifukwa chake, ndipo 30 pa mphindi khumi zoyankha mafunso pamaso pa kalasi, laputopu ili yotseka. Funso loyamba likhale la nambala imodzi ya pa tsamba lachiwiri: mwaitenga kuti, ndipo dola ikakwera ndi K200 isintha bwanji?