Asayimenti ya Brexit yomwe anandibwezera

Semesita ino tili ndi kozi ya malonda a pakati pa mayiko, ife ndi aja ophunzira Loweruka ndi Lamlungu chifukwa mkati mwa sabata aliyense amakhala ku ntchito, nde aphunzitsi anatipatsa asayimenti ya masamba 6 yokhudza mkangano wa ku Britain pa nkhani yotuluka mu European Union (EU), ija amati Brexit, yomwe anaivotera pa referendamu ya 2016. Ine ndinati iyi nde phala lenileni. Ndinaonera timavidiyo tingapo pa YouTube, kulemba usiku umodzi, basi kupereka. Mfundo yanga inali imodzi yokha, yoti anthu anapusitsidwa ndi basi yofiira ya kampeni ya ofuna kutuluka yomwe inalembedwa kuti dziko lawo limatumiza mapaundi 350 miliyoni ku EU sabata iliyonse, bola ndalamazo zipite ku NHS, zipatala zawo za boma. Nambalayo inali yokokomeza ndithu, sanachotsere ndalama zomwe nduna yaikulu Margaret Thatcher anamenyera mu 1984 kuti zizibwezedwa, ngakhale zomwe zinkabwerera kwa alimi ndi madera osauka, mpaka UK Statistics Authority, bungwe lawo loona za ziwerengero, inanena poyera kuti ndi yosocheretsa.

Pepala linabwerako ndi 48. Ndendende ngati 48 pa 100 aja anavotera kutsala mu EU kkkk. Pansi pake bolopeni yofiira: "Ndiye anthu 17.4 miliyoni onse omwe anavotera kutuluka ndi zitsiru? Kalembeninso, koma ulendo uno muime mbali ya otuluka."

Zinandiwawa, osanama. Ndinakhala masiku awiri osalitsegula pepalalo.

Chomwe chinandibweza si buku ayi, ndi malemu agogo anga aamuna. Ndili mu minibasi ndinangokumbukira mmene ankanenera za chitaganya, mawuwo ankawatchula ngati akulavula. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba 1953 nkutha pa 31 Disembala 1963, ndipo omwe ankachiikira kumbuyo ankanena za chuma zokhazokha, eti ndalama za kopa wa ku Northern Rhodesia zitithandiza, eti Nyasaland ndi yosauka singaime payokha. Makolo athu anamva zonsezo nkukanabe, chifukwa zinthu zinkagamulidwa ku Salisbury, Harare ya lero, ndi anthu omwe iwo sanawasankhe. Sindikuti ndi zofanana, chonde musandidye, ifeyo anachita kutikakamiza atsamunda pomwe Britain inalowa yokha mu 1973, pulezidenti wa France Charles de Gaulle atawatsekera chitseko kawiri konse, ndipo pa referendamu ya 1975 anthu 67 pa 100 anati tikhalemo, komanso anali ndi mipando yawo ku Brussels, likulu la EU. Koma ndinamvetsa kuti munthu ukhoza kumuonetsa masamu onse oti ataya ndalama iye nkuyankha kuti zilibe kanthu, ndizilamula ndekha pakhomo panga. Mawu a kampeni ya otuluka anali omwewo, kutenganso ulamuliro.

Nditayamba kuwerenga mofatsa ndinapezanso za 2004, pomwe mayiko 10 analowa mu EU kuphatikizapo Poland. Mayiko ambiri akale anayamba aika kaye malire pa nkhani ya ntchito koma Britain, Ireland ndi Sweden anatsegula pompopompo. Tauni ngati Boston ku Lincolnshire, dera la minda ya ndiwo zamasamba, inasintha mzaka zochepa, ndipo ndi komwe otuluka anapeza mavoti ochuluka kwambiri, oposa 75 pa 100. London inavotera kutsala, Scotland 62 pa 100 kutsala, Northern Ireland nayo kutsala, koma dziko lonse pa 23 Juni 2016 zinathera 51.9 kwa 48.1, kutacha nduna yaikulu David Cameron nkulengeza kuti akutula pansi udindo.

Koma pomwe ndaphunzira zenizeni ndi apa, ndipo ndi pomwe ndinali mbuli ngakhale manotsi ndinali nawo. Ine free trade area, customs union ndi single market ndinkangoziona ngati chinthu chimodzi chokhala ndi mayina atatu. Anandimasulira ndi azakhali anga, omwe sukulu analekeza Fomu 2 koma akhala akuoda katundu ku Zambia zaka zambirimbiri. Ndinawafunsa kuti azakhali, si paja Malawi ndi Zambia tonse tili mu COMESA, msonkho wa pa boda unachotsedwa, nanga mumachedwa chani kumeneko? Anaseka mpaka kuika pansi lichero. Akuti iwe, msonkho anachotsa pa katundu wopangidwa ku Zambia konko, osati aliyense wogulidwa ku Zambia. Anatulutsa paketi ya sopo nkundilozera timalemba ta kumbuyo tosonyeza komwe anapangidwa, kenako anakoka chitenje chomwe anavala, ichi nchochokera ku China changodutsira ku Lusaka, ichi ndilipira. Nde wa kasitomu adziwa bwanji kuti ichi nchakuti ichi nchakuti ngati satsegula chikwama nkuona pepala?

Basi pomwepo mutu unatseguka. Zimenezo nzomwe mabuku amati rules of origin. Mu free trade area dziko lililonse limakhala ndi msonkho wakewake pa katundu wochokera kunja, nde boda iyenera kukhalapo kuti wina asalowetsere katundu ku dziko la msonkho wotsika. Mu customs union nonse mumagwirizana msonkho umodzi wa kunja, katundu akangolowa walowa, palibenso kufunsa kuti kwanu nkuti, koma mtengo wake ndi woti simungakapange dilu yanuyanu ya misonkho ndi America kapena India. Single market nde imapitirira, malamulo a kapangidwe ka zinthu amakhala amodzi ndipo katundu, ntchito, ndalama ndi anthu zonse zimayenda momasuka, sungasankhepo zitatu nkukana anthu. Norway ili mu single market koma si membala wa EU. Turkey ili mu customs union ndi EU koma nayonso si membala. Kutanthauza kuti makomo otulukira analipo angapo, pomwe pepala lovotera linangofunsa kuti titsale kapena tituluke.

Nchifukwa chake anakangana zaka zitatu ndi theka voti itatha kale. Ife referendamu yathu ya 1993 inali ya nyali ndi tambala wakuda, ndipo nyali itawina aliyense ankadziwa chotsatira, zipani zambiri, chisankho chaka chamawa. Iwowa otuluka okhaokha sankagwirizana kuti atulukire khomo liti. Theresa May, yemwe analowa mmalo mwa Cameron, anayambitsa ndondomeko yotuluka pa 29 Malichi 2017, anabweretsa mgwirizano wake ku nyumba ya malamulo pa 15 Januwale 2019 nkugonja 432 kwa 202, anaubweretsanso kawiri osatheka, ena akuti watulukitsa ena akuti sanatuluke nkomwe. Boris Johnson, wolowa mmalo mwa May, ndi amene anamaliza, anatuluka pa 31 Januwale 2020, ndipo mgwirizano wa malonda unapezeka pa 24 Disembala 2020, kutatsala sabata imodzi kuti nthawi yokonzekera ithe. Mgwirizanowo ulibe msonkho pa katundu, zoona, koma uli ndi mapepala a azakhali aja. Wogulitsa nsomba kapena tchizi yemwe kale ankangokweza mu lole nkupita ku France tsopano akufunika mafomu a kasitomu ndi satifiketi ya zaumoyo, kampani yaikulu imalemba munthu woti azichita zimenezo, waung'ono amangosiya.

Za Ireland nde ndinachita kujambula mapu mkope. Northern Ireland ndi gawo la United Kingdom, Republic of Ireland ili mu EU, malire awo ndi pafupifupi makilomita 500 okhala ndi misewu yodutsa yoposa 200, ndipo mtendere wa kumeneko unabwera ndi Good Friday Agreement ya 1998 pambuyo pa zaka pafupifupi 30 anthu akuphana. Ndinaganiza za pa Lizulu, pomwe ukawoloka msewu kukagula mbatata wafika kale ku Mozambique, nde wina abwere adzamange chipata pamenepo? Anathera poti katundu azionedwa akamawoloka nyanja kuchoka ku Britain kupita ku Northern Ireland, boda mkati mwa dziko lomwelo, a DUP, chipani cha ku Northern Ireland chofuna kukhalabe mu United Kingdom, anakwiya koopsa, mpaka nduna yaikulu ya nthawiyo Rishi Sunak anakakonzanso mu 2023 ndi mgwirizano wotchedwa Windsor Framework.

China chomwe chinandiseketsa ndekha mu laibulale, anthu olowa m'dzikomo sanachepe. A ku Europe anachepadi, koma mu Febuluwale 2022 boma linatsegula viza ya osamalira okalamba ndi odwala, kunakhamukira anthu a ku India, Nigeria, Zimbabwe, ngakhale mayi wina wa kutchalitchi kwathu ali komweko pano, ndipo chaka chimenecho olowa m'dzikomo anaposa ochokamo ndi anthu oposa 700,000. Wa mbali yotuluka akuyankha kuti inde, koma tsopano tikusankha tokha, tikafuna titseka. Yankho limenelo ndalilemba mu asayimenti yatsopanoyi ndipo likumveka, ngakhale ine pandekha ndikuonabe kuti pa chuma anadzipweteka, Office for Budget Responsibility, ofesi ya boma lawo lomwe yolosera za chuma, imawerengera kuti mkupita kwa nthawi chuma chikhala chotsika ndi 4 pa 100 poyerekeza ndi akanatsala.

Ndapereka dzulo, masamba 7, mawu oti kupusitsidwa mulibemo ngakhale pamodzi. Loweruka likubwerali kuli dibeti mkalasi ndipo aphunzitsi andisiya mbali yomweyo ya otuluka. Yemwe ndikulimbana naye amagwira ntchito yokiliyalitsa katundu pa boda, wandiuza kale pa WhatsApp kuti sakonzekera zolankhula zambiri, angobweretsa mulu wa mapepala a thiraki imodzi adzauike patebulo.