Lachinayi, ku Gazaland

Tulo sitikubwera, bola ndilembe. Magetsi angoyaka kumene, mayi a kunyumba akusita mothamanga asanazimenso, ine ndili pakhonde kuyang'ana galimoto. Ndinaisiya pa LO madzulo, batani loitsitsira pansi lija, ndiye yagwada pabwalo ngati ng'ombe yomasulidwa pa ngolo.

Ndinapita ku Highfield kuti amalume akangomva chimene chikuchitika kunsi kwa galimotoyi. Ndimati amalume koma si achibale. Kwawo ndi ku Ntcheu, kwathu ndi ku Dedza, ndipo kuno ku Harare zimenezo n'zokwanira kuti munthu akhale malume wako. Land Cruiser 100 imeneyi, ya 2001, VX Limited ya dizilo, chifikireni kuchokera ku Japan mu 2011 palibe munthu wina anaimasulapo ngakhale nati imodzi. Ndi iwo okha, pansi pa kashedi kawo ka malata ku Gazaland, pakati pa makombi ogonekedwa pa miyala ndi anyamata owotcherera ma ekizozi.

Kwa masabata atatu yakhala ikunjanja. Kadzenje kakang'ono pa Seke Road, msana umva, kumbuyo n'kumadumpha ngati lole yopanda katundu. Amene anakwerapo galimoto yamtunduwu akudziwa kuti si mmene imayendera. Ili ndi AHC, suspension ya mafuta: pampu imakankha mafuta kupita ku mateyala onse anayi, ndipo pafupi ndi teyala lililonse pali kabotolo kachitsulo kodzaza mpweya wa nitrogen, amakaniko amati ma globe. Kufewa konse kumachokera m'timabotolo timeneto. Mpweya ukathawa, mafuta okha sapanikizika, galimoto imauma gwa.

Amalume anatsegula boneti n'kundiuza kuti nditsitse pa LO, kenako ndikweze pa HI. Pa kathanki ka mafutawo pali timizere, ndipo amawerenga kuti mafuta ayenda timizere tingati pakati pa kutsika ndi kukwera. Tikakwana 7 kapena kupitirira, ma globe akadali ndi moyo. Yathu inayenda 4.

"Mphwanga, atha awa. Mpweya unatuluka kalekale."

"Ndiye tiitanitse ena ku Johannesburg ngati ulendo uja."

Sanayankhe msanga. Anapukuta manja pa kasanza, chala chimodzichimodzi, kenako n'kukhala pa chigubu chawo chija.

"Ulendo uno tichotse zonse. Pampu, mapaipi, masensa, zonse. Tiike masipuling'i wamba kumbuyo, ma torsion bar okhuthala kutsogolo, ndi mashoko wamba. Muiwale."

Ndinaseka, ndimayesa akucheza. Munthu yemweyu ndi amene anandikalipira zaka zapitazo nditabwera ndi maganizo omwewo, nditamva kwa anzanga oyenda m'tchire. Anandiuza kuti galimoto ya mafumu saisandutsa ngolo. Ndi yemweyunso anathamangitsa mwana wanga atabwera ndi chithunzi cha marimu a 20 inchi pa foni, n'kumufunsa ngati misewu ya ku Harare anaiona kapena amangoimva. Mpaka lero tikadali pa 16, mateyala a 275/70, nyama yambiri pakati pa rimu ndi dzenje. Ndiye lero asinthe bwanji?

Ndinawakumbutsa zimenezo. Iwo anatembenukira kwa ine.

"Inu ndi amene mwaipha. Onani kutsogoloku." Anamenya bull bar ndi chikhatho. "Chitsulo ichi, winchi, pamwamba chikeriya, kumbuyo madirowa ndi firiji. Pampu imeneyi mukuisenzetsa mtolo usana ndi usiku. Ndakhala ndikumanga ma torsion bar kuti ndiipepuze, ulusi watsala pang'ono kutha. Winchiyo chigulireni mwakokera chiyani?"

Kamodzi. Kombi ina itatitimira m'matope pa maliro ku Epworth. Anthu anaombera m'manja, ine n'kumanyada mwezi wathunthu. Amalume akudziwa, analipo, n'chifukwa chake anafunsa.

Zoona zake akunena zoona, ndipo n'zimene zikundinyansa. Zonse ndinaikazo ndinaika chifukwa cha munthu amene ndimaganiza kuti ndidzakhala, wogona ku Mana Pools ndi ku Gonarezhou mwezi ndi mwezi. Munthu amene ndili amapita ku Msasa m'mawa n'kubwerera madzulo, Lamlungu ku tchalitchi. Firiji ija imanyamula nyama ya ku butchala basi.

Komabe ndinalimbikira. Ndinati ndichotsa winchi, ndichotsa chikeriya, koma AHC ikhale. Mawu anakwera pang'ono, mpaka mnyamata wawo anasiya kutsuka mapulagi n'kumatiyang'ana. Pamenepo m'pamene ananena, osandiyang'ana n'komwe, akuyang'ana mapazi awo.

"Khirisimasi ino ndikupita kumudzi, mphwanga. Osabwerera."

Ndinangoti kukamwa yasa.

"Maso atha. Simunaone?"

Ndinaona, koma sindinafune kuona. Powerenga timizere tija anaika chala pa kathanki, n'kufunsa mnyamata uja m'Chishona kuti mafuta afika pati, mnyamata n'kuyankha, "Apa, sekuru." Ndinayesa kuti akumuphunzitsa ntchito.

Anati anyamatawa ndi akatswiri, asandinamize munthu. Honda Fit amaimasula atatsinzina, kompyuta amailumikiza pa galimoto n'kuwerenga matenda onse. Koma kukhala tsiku lonse ukutulutsa mpweya m'mapaipi teyala ndi teyala, kuyeza msinkhu wa galimoto mbali zonse, kumanga torsion bar pang'ono n'kuyezanso, zimenezo ndani angazipirire pamene panja pali makombi asanu odikira? Ndipo tsiku lina wina adzathiramo mafuta a mabuleki m'kathanki kaja poganiza kuti mafuta ndi mafuta, basi zonse zidzathera pomwepo. Masipuling'i wamba aliyense amawadziwa, ku Mutoko, ku Tete, kulikonse. "Ndikufuna ndikusiyireni galimoto yoti munthu wina aliyense angaikonze."

Ine ndinamva ngati akundigawira chuma chamasiye iwo ali moyo.

Sindikudziwa chifukwa chake zandipweteka chonchi. Mwina ndikudziwa. Bambo anabwera kuno pa Mthandizi, nthawi ya chitaganya, n'kugwira ntchito m'mafamu a fodya asanalowe m'tauni. Chaka chilichonse amati chaka chamawa tikupita kwathu. Anakhala mtchona wa pakamwa pokana, mpaka tinawaika ku Warren Hills. Galimoto iyi ndinaigulira msewu umenewo: Nyamapanda, Tete, kuwoloka Zambezi, kukwera mpaka pa Calomue, kutulukira pa Dedza. Anayendamo ulendo umodzi wokha wopita kumudzi, mu 2012. Miyendo inali itayamba kale kuvuta. Ndinadina batani, galimoto n'kutsika yokha, iwo n'kubwerera m'mbuyo ndi ndodo yawo, amvekere, "Iii, ikundigwadira?" Anaseka mpaka pa Murewa. Pofika ku Tete, kutentha kuja, anali m'tulo, ndipo atadzuka anati sanamve msewu, zinali ngati ali m'bwato.

Amayi mpaka lero sakwera ndisanaitsitse. Amaima pambali ndi chikwama chawo cha Chigwirizano kudikira kuti igwade. Ndikaika masipuling'i okweza aja ndidzawakweza bwanji, pa mpando wa kukhitchini? Zimenezi sindinawauze amalume. Ndinangoti ndiganiza kaye.

Ndiye tinakhala chete kanthawi. Kunja wina amayesa hutala ya kombi mosalekeza. Anatuma mnyamata kukagula zakumwa ku Machipisa, ngakhale pafupi pomwepo amagulitsa, ndinadziwa kuti akungofuna achoke.

Anandiuza kuti ndibweretse kabuku. Mu kabati ya kutsogolo muli kope la sukulu, lachikuto chofiira, mmene amalemba chilichonse chimene achita. Oyilo, mafyuluta, mabuleki, mabushi, ma injekita. Tinalitsegula limodzi, ine ndikuwerenga mokweza. Lamba wa timing pa 150,000, nyali ya T-BELT itayaka. Wachiwiri pa 300,000. Injini ya 1HD-FTE imeneyi, 4.2, masilinda 6, sinatsegulidwepo mutu, ndipo amalume amanena zimenezo ngati akunena za mwana wawo amene sanalowepo m'khoti. Pano tili pa 438,000, lamba wachitatu akuyembekezeka pa 450,000, anati amusinthiratu asanapite pamodzi ndi pampu ya madzi.

Kope limenelo ndi mbiri ya dziko linonso, ukaliyang'ana mbali ya mitengo. Masamba oyamba ndi madola a ku America. Kenako ma bond, kuyambira kumapeto kwa 2016. Kenako RTGS mu 2019, manambala n'kumatupa tsamba ndi tsamba mpaka anasiya kulemba mtengo, amangolemba kuti "walipira". Chaka cha 2024 pali pamodzi pamene analemba ZiG n'kuika chizindikiro chofunsa pambali. Ndalama zasintha maina kangapo, dzanja lolemba ndi lomwelo. Kungoti zilembo zikukula. Masamba omalizawa mzere umodzi ukudya mizere iwiri. Ndinali nalo m'galimoto nthawi yonseyi kope limeneli, osazindikira.

Mayi a kunyumba nditawafotokozera anangoti, "Gulitsani." Iwo akhala akunena zimenezo kuyambira kale, ndipo ogula alipo, pa maloboti a Samora Machel anthu amagogoda pa windo kufunsa. Koma ndikagulitsa ndiye kuti yapita. Kuyambira 2021 malamulo oitanitsa galimoto zopitirira zaka 10 anakhwima, ina ngati iyi sindingaitanitsenso ku Japan. Ndipo zatsopanozi, zokongola ndithu, koma ndikakhalamo ndimamva ngati ndili mu ofesi ya munthu wina. Mpando wa iyi unatenga kale thupi langa. Chikopa chinang'ambika mbali yotsikira, ndinakasoketsa ku Mbare, ulusi wake sunafanane, ndipo ndimaukonda choncho.

Mayi a kunyumba anandiyankha kuti nkhani si galimoto, ndipo ndikudziwa. Sindinawayankhe. Akusitabe.

Chimene chandisowetsa tulo kwenikweni ndi chomaliza. Ndikulowa m'galimoto kuti ndizipita, amalume anagwira chitseko.

"Mudzanditula ndinu. Basi sindingakwere ndi mabokosi anga."

Ndinati inde, popanda kuganiza, ndani angakane. Ndiye anamwetulira, kumwetulira kwa munthu amene wakutchera msampha iwe ukuona.

"Bokosi la masipanala lokha anthu awiri sanyamula. Kuli jeke, kuli vaisi, kuli makina osokera a azakhali anu. AHC yanuyo ikalemedwa imakana kukwera, mukudziwa. Tidzafika pa Nyamapanda tikukwawa ndi mimba."

Choncho kuti ndiwaperekeze bwino, ndiyenera kuchita zimene akunena. Ndikakana, ndiye kuti ndidzawatengera pa ngolo yokoka kumbuyo, kapena maulendo awiri, kapena ndichotse madirowa ndi firiji ndi winchi n'kuona ngati zingakwane. Ndakhala ndikuwerengera pa foni kulemera kwa zinthu ngati kuti nkhani ndi makilogalamu.

Anati ndiwayankhe Lolemba, chifukwa katundu wochokera ku South Africa amachedwa ikayandikira Disembala, kaya ndi ma globe kaya ndi masipuling'i. Ndinafuna kuwafunsa kuti ku Ntcheu akukafikira kwa yani, munthu anachokako ali mwana, nyumba ilipo kodi, munda ulipo? Sindinafunse. Ndinaopa kuti andifunsanso zomwezo za ku Dedza.

Magetsi azimanso. Amayi akufuna ndikawatenge 7 koloko mawa, ndiye bola yagwada kale.