Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Wailesi Yachiwiri

Ndinalekezera pamene laisensi yanga inatuluka ku MACRA, dzina langa loitanira likuyamba ndi 7Q monga aliyense kuno ku Malawi wolankhula pa wailesi za amateur, zomwe anthu wamba amalankhulirana ndi anzawo akutali mongosangalala. Zida zanga zinali zochepa: wailesi imodzi ya mawati 100, batire ya galimoto yotchajidwa ndi sola, ndi waya wa eriyo womwe ine ndi mphwanga tinakoka kuchokera pa mtengo wa mango kukafika pa nsungwi yaitali kuseri kwa nyumba ku Matawale.

Amene amakhala ku Zomba akudziwa mmene phiri latitchingira. Nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, ndipo phirilo lili mbali yomwe kuli Ulaya. Mawu opita kutali amafuna kunyamuka chapansipansi, ndiye kwa ine njira ya ku Germany kapena ku England inali yovutirapo. Kummawa, modutsa chigwa cha nyanja ya Chilwa, kunali pululu. Japan ndi Australia ndinkawamva bwino kuposa oyandikira.

Koma chimene chinkandisowetsa tulo si phiri. Wailesi ikatsegulidwa pa chilumba chomwe sikukhala anthu, dziko lonse limaiitana nthawi imodzi. Kuti asakwiriridwe ndi phokoso, munthu wa pachilumbayo amalankhula pa frequency imodzi n'kumamvera pa ina chakumtunda. Pa chigawo cha ma frequency chotchedwa mamita 20 mungamupeze pa 14.195 MHz akunena kuti akumvera kuyambira 14.200 mpaka 14.210. Amati split. Ndiye onse oitana amamwazikana m'kampata kameneko, aliyense akufuula dzina lake ngati oitanira minibasi pa depoti ya Zomba. Ndi wailesi imodzi umamva mbali imodzi yokha. Ukadina batani kuti umve gululo, mwini wakeyo wamutaya. Ukabwerera kwa iye, wayankha kale wina, ndipo sudziwa kuti wamutola pati.

Anandithandiza ndi mkulu wina wa ku Chinamwali yemwe anakalambira pa ntchito yokonza mawailesi. Nditawafotokozera, analowa kuchipinda n'kutuluka ndi Yaesu FRG-7, wailesi yomvera chabe ya m'ma 1970, fumbi lili mbuu.

"Mwana wanga, iwe ukulimbana ndi pakamwa. Mawu ako ndi okwanira. Uyu umuike ku khutu linalo."

"Nanga agogo, ndikamalankhula sapsa?"

"Apsa ndithu, ukapanda kumutsekera."

Apo ndi pamene panali ntchito. Wailesi yomvera imapangidwira timawu tofooka kwambiri, ndiye mawati 100 ochokera pa eriyo ya pafupi angathe kuiwotcha. Tinaika relay yoti ndikangodina kuti ndilankhule, eriyo ya FRG-7 izidulidwa n'kulumikizidwa kunthaka. Kenako tinang'amba waya wa mahedifoni: khutu lamanzere wailesi yaikulu, lamanja yachikaleyo. Anzathu a ndalama zawo amagula Icom IC-7610 kapena Elecraft K3 yoikidwa receiver yachiwiri m'kati momwemo, batani limodzi zonse zatheka. Zanga zinali za mawaya ali yangayanga patebulo, moti mayi a kunyumba ankangoti, "Abambo, tsiku lina mudzatiyatsira nyumba."

FRG-7 siilozera manambala ndendende ngati wailesi za masiku ano, komanso imalowetsa mawu ambiri nthawi imodzi. Pa ntchito iyi chimenecho sichinandidandaulitse, chifukwa ndinkafuna kumva gulu lonse. Kumanzere ndikamva wapachilumba akutchula dzina la munthu n'kumupatsa 59, kutanthauza kuti akumumva bwino kwambiri, dzanja limazungulitsa msangamsanga kufunafuna kumanja yemwe akuyankha kuti 59 nayenso. Ukamupeza, wadziwa pomwe khutu la wapachilumba lili mphindi imeneyo. Ukatsatira anthu angapo umayamba kuona khalidwe lake. Ena amakwera pang'onopang'ono, akafika kumapeto n'kubwerera pansi. Ena amatola awiri pamalo amodzi asanasunthe. Ena amathawa pothithikana n'kumasaka m'mphepete. Ukazindikira, umakamudikirira kutsogolo kwake. Ine ndimaona kuti ambiri amene amawononga ndalama pa amplifier yokuzira mphamvu ya mawu akanayamba agula chomvera chachiwiri.

Mayeso enieni anabwera mu February 2023, gulu la 3Y0J litafika pa chilumba cha Bouvet. Chilumbachi ndi cha Norway, chili kumwera kwenikweni kwa nyanja ya Atlantic, chokutidwa ndi madzi oundana, ndipo pa mndandanda wa DXCC, wa maiko ndi zilumba zomwe a wailesi amawerenga akalankhula nazo, kusowa kwake chinkangoposedwa ndi North Korea. Nyengo inawakaniza kutsitsa zida zambiri, ndiye analankhula ndi mphamvu yochepa, masiku owerengeka. Kwa anthu a ku Ulaya ndi ku America mawu awo anali ofooka, pamene kwa ife phiri silitchinga kumwera. Pa Morse, pomwe zilembo zimatumizidwa ndi kulira kwafupi ndi kwakutali, gulu linatambasuka kutali, ena osokoneza dala akuliza pamwamba pa wapachilumbayo. Ndinakhala chete nthawi yaitali, kumangotsata ndi khutu lamanja. Nditaona kuti akukwera pang'ono akamaliza munthu aliyense, ndinadumphira patsogolo pa womaliza n'kutumiza dzina langa. Kumanzere kunamveka 7Q, kenako zilembo zanga, kenako 5NN, yomwe ndi 59 ya pa Morse. Ndinakuwa mpaka agalu a oyandikana nawo anayamba kuuwa.

Nthawi zina wosakidwayo ndimakhala ineyo, poti Malawi nayenso ndi wosowa kwa anthu ambiri akunja. Ndikaitana pa mamita 15 madzulo, a ku Japan amabwera chigulu, ndipo ndimachita split. Apo FRG-7 imakhala pa frequency yanga yolankhulira, kuti pakati pa mawu anga ndimve ngati wina wakhalapo mosadziwa.

Ndinayambanso kuyesa eriyo ziwiri, waya wogona ndi wina woimirira, iliyonse ku wailesi yake, chifukwa mawu akamazilala pa imodzi kawirikawiri pa inzake amakhala alipo. Sindinafike nazo patali. Mu March chaka chomwecho namondwe wa Freddy anafika kuchigawo chakumwera, mvula inagwa osalekeza, ndipo nsungwi ija inagwera pa denga la khitchini pamodzi ndi mawaya onse. Zimene wailesi inagwira masiku amenewo, mafoni atasiya kugwira, ndidzafotokoza m'gawo 18.