Kalata ya masiku 15

Ndine wowerengera ndalama ku timu ya mpira ya mu ligi yaikulu. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwe zija: mabonasi a masewero awiri, msonkho, ndi malisiti a ulendo omwe aphunzitsi amabweretsa ali okwinyikakwinyika.

Lachitatu m'mawa goloboyi wathu, yemwe tinamutenga kunja chaka chatha, analowa muofesi n'kuika envelopu patebulo. "Bwana, inuyo ndilibe nanu mlandu. Koma eninyumba andipatsa sabata imodzi, ndipo akazi anga ndi oyembekezera." Miyezi itatu yatha osalandira kanthu. Kalata ya mu envelopumo yatchula Article 14bis ya malamulo a FIFA, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2018: timu ikalephera kulipira miyezi iwiri, wosewera amaichenjeza polemba n'kuipatsa masiku 15. Akatha masikuwo atha kuthetsa kontirakiti, timu n'kulipirabe zotsalazo ndi chipukutamisozi pamwamba. Poti ndi wakunja, nkhaniyi ikafika ku FIFA komweko, ndipo tikakanika kulipira atiletsa kulembetsa osewera atsopano. Ndinamuuza kuti wachita bwino. Mwina sanali mawu oyenera kutuluka pakamwa panga, koma anatuluka.

Chandipweteka kwenikweni ndi msonkhano wa bodi wa Lachinayi. A wapampando anayamba kutiphunzitsa za UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya, ati kumeneko malipiro, ndalama zogulira osewera ndi za maejenti siziyenera kupitirira 70 peresenti ya zomwe timu imapeza, ndiye nafenso tidule malipiro a anyamata. Chonsecho sabata yatha yomweyi asainira womwetsa zigoli watsopano ndalama yokwana kulipira goloboyiyu chaka chathunthu! Ndinawafunsa ngati anawerenganso mbali ina ya malamulo omwewo, yoletsa timu kukhala ndi ngongole ya malipiro a osewera. Ndinawakumbutsanso kuti malire a malipiro a La Liga, ligi ya ku Spain, anachititsa kuti Barcelona itaye Messi mu 2021, kutanthauza kuti mpeniwo umadula ndi akuluakulu omwe, osati okhawo olandira zochepa. Onse anangoti zii, kenako wina anati tisiyire a zamalamulo.

Lachisanu ndinaswera pafoni kupempha othandiza timu kuti atipatseko msanga gawo la mwezi wamawa. Sanalonjeze kanthu.

Loweruka goloboyi uja anagwira penate, a wapampando n'kutsika kudzamukumbatira pamaso pa makamera. Ine ndinali pampando wanga ndikuwerenga zala: atsala masiku 12.